Makhadi a Tsiku la Anakubala: ana ndi ambiri, ndalama palibe, tipange ndi chiyani?

Mayi a Tadala: Mwadzuka bwanji nonse pagulu pano? Ndili ndi ana a Sande Sukulu oposa 30, aang'ono ndi a zaka 4, akuluakulu a zaka 11. Tsiku la Anakubala pa 15 Okutobala layandikira ndipo ndikufuna mwana aliyense apangire mayi ake khadi. Ndinakafunsa mtengo wa manila ndi guluu m'tauni, ndinangoti zikomo n'kutuluka. Amene munachitapo zimenezi, mumagwiritsa ntchito chiyani? Nanga wa zaka 4 angathe kupanga chiyani?

Anabanda aphunzitsi: Tadzuka bwino mayi. Manila asakusowetseni tulo. Ife ku koleji anatiphunzitsa za TALULAR, kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo pomwe ulipo, ndipo mpaka lero phunziro la Expressive Arts ndimaliyendetsa choncho. Yambani ndi makalendala a chaka chatha, kumbuyo kwake kumakhala koyera ndipo pepala lake ndi lolimba. Timakatoni ta masamba a tiyi, ta sopo, ta mankhwala otsukira mano, mukatimatula n'kutitembenuza m'kati mwake ndi mosalemba. Ngati pali wina wogwira ntchito mu ofesi, akupatseni mapepala a A4 olembedwa mbali imodzi. Awiri mukawamata, kolembedwa kuyang'anizana, mwapeza pepala limodzi lochindikala loyera mbali zonse. Pepala la A4 mukalidula pakati limatulutsa makhadi awiri. Chidutswa chilichonse mukachipinda chimakhala pafupifupi masentimita 10 ndi theka m'lifupi, 15 m'litali, saizi yabwino ya dzanja la mwana.

Nachisale nesi: A mu ofesiwo ayambe aona zomwe zalembedwa asanakupatseni. Si bwino mwana kupita kunyumba ndi khadi yoti m'kati muli mayina ndi malipiro a anthu.

Bambo a Yankho: Pepani ndilowerere ngakhale ndine bambo. Mayi wa ku Ndirande kuno pa Tsiku la Anakubala amadikira shuga, sopo ndi chitenje. Pepala adya? Kkkk

Mayi a Tadala: Shuga ndi chitenjecho mugule ndinu a Bambo a Yankho. Mwana wa zaka 5 ndalama azitenga kuti?

Bambo a Yankho: Mwandigwira pamenepo. Chabwino, makatoni ndili nawo ambiri pa okala panga, amangodyedwa ndi chiswe kuseri.

Gogo Nangozo: Ana anga, za guluu musavutike. Ife timaphunzitsa kulibe guluu wa m'botolo ameneyu. Tengani supuni imodzi yodzadza ya ufa wa kondoole, kapena fulawa wa mandasi, ndi kapu imodzi ya madzi ozizira. Muyambe mwasungunula ufawo m'madzi ozizirawo mpaka mibulu ithe, kenako muike pamoto wochepa uku mukutakasa osasiya. Wa chinangwa umasintha n'kuyamba kuoneka mbee ngati ukuonekera, pamenepo wapsa. Wa fulawa umangokhuthala, sumayera. Tsirani kamchere pang'ono, phulani, uzizire. Ukalimba kwambiri onjezerani timadzi. Ufa woyera wa chimanga musayese, umakhala ndi timisere ndipo sugwira bwino. Muphike tsiku lomwelo kapena dzulo lake madzulo, chifukwa ndi kutentha kwa Okutobala pakapita masiku awiri umasasa.

Alezi a ku Mulanje: Agogo mwandikumbutsa kale, ife timamata envulopu ndi nsima. Kalata imafika ku Joni itamatidwa ndi nsima ya mgaiwa kkkk. Kwathu ku mkombaphala ndi guluu wa kondoole yemweyo amene timagwiritsa ntchito. Ubwino wake ngakhale mwana anyambite palibe vuto, ndipo amanyambitadi.

Anabanda aphunzitsi: Vuto la guluu wophikayu ndi madzi. Mwana akapaka wambiri pepala limakwinyika, likauma limapindika. Ndiye musawapatse supuni. Aliyense apake ndi chala chimodzi kapena nthenga ya nkhuku, pang'ono pokha, m'mphepete. Akamaliza, khadi iume kaye pamthunzi mpaka isamamate m'manja, kenako muziike pakati pa manyuzipepala n'kutsendereza ndi mabuku olemera usiku wonse. M'mawa mwake zimakhala zowongoka bwinobwino. Padzuwa ayi, zimauma mbali imodzi n'kupotoka.

Nachisale nesi: Poti mwayamba za guluu, ndinenepo zanga zakuchipatala. Super glue asayandikire ana. Amamata zala, ndipo akafika m'diso ndi nkhani ina. Chachiwiri, ana akumudzi amadziwa kuti utomoni wa nkhadze umamata mapepala, ndipo ena amakathyola okha osawatuma. Utomoni umenewo umawotcha khungu ndipo ukalowa m'maso umapweteka koopsa, ukhoza kuwononga diso. Muwauziretu. Zikachitika, tsukani diso ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali n'kuthamangira kuchipatala, osathiramo china chilichonse.

Mayi a Tadala: Zikomo anesi, mpanda wa kuseri kwa tchalitchi chathu ndi wa nkhadze yemweyo. Nanga zodulira? Sizasi ndili nayo imodzi yokha.

Nachisale nesi: Lezala ayi ndithu, ngakhale kwa akuluakuluwo. Lezala imodzi ikazungulira ana khumi, wina akadzicheka wina n'kudzichekanso, mukudziwa nokha.

Gogo Nangozo: Aang'ono safuna sizasi. Azing'amba ndi zala. Kung'amba timapepala ting'onoting'ono kumalimbitsa zala zomwezo zimene adzagwirire pensulo ku Sitandade 1. Ndipo muwaonetse ichi, amachikonda: tengani nyuzipepala, ng'ambani kuchokera pamwamba kutsika pansi, kenako ng'ambani chopingasa. Mudzaona kuti mbali imodzi imang'ambika mowongoka, inayo imangokhotakhota. Pepala lili ndi mitsempha yake yolowera mbali imodzi. Popinda khadi ya katoni n'chimodzimodzi, mukapinda motsata mitsemphayo silisweka. Ngati katoni ndi yolimba, ikani rula, dutsitsani bolopeni yotha inki pamzere mwamphamvu, ndiye pindani. Imapindika mwaukhondo.

Atelala a ku Limbe: Ine za mapepala sindizidziwa koma tizidutswa ta zitenje ndimasesa tsiku ndi tsiku n'kukatentha. Ngati tingathandize bwerani mudzatenge.

Anabanda aphunzitsi: Atelala musatenthenso chonde! Khadi yokongola kuposa zonse imene ana anga amapanga ndi ya chitenje. Mwana amajambula mutu, manja ndi miyendo ya mayi ake ndi pensulo, ndiye thupi amamata kachidutswa ka chitenje, kena kakang'ono pamutu kukhala duku. Ena amamata kansalu kumsana n'kujambula kamutu ka mwana wobereka. Mukawathira tizidutswato pamphasa mudzaona mmene amasakira, aliyense amafuna kofanana ndi chitenje chenicheni cha mayi ake. Nsalu imafuna guluu wokhuthala pang'ono kuposa wa mapepala, ndipo guluuyo mupake pa khadi osati pansalu. Tizidutswato muduliretu inuyo kunyumba, sizasi ya ana siidula nsalu.

Mayi a Tadala: Imeneyo ndaikonda. Koma ndine wa ku Lilongwe atelala, ku Limbe kwatalika. Ndifunsa telala wa pamsika pathu.

Atelala a ku Limbe: Mufunse, sangakukanizeni. Koma mupewe kupita Lachisanu ndi Loweruka, timakhala titapanikizika ndi za maukwati, tingakuyankheni mokalipa.

Anaphiri ku Joni: Ndikuwerenga ndili pa basi misozi ili m'maso. Chaka chatha mwana wanga amene ali ndi agogo ake ku Mangochi anandipangira khadi, mlongo wanga anajambula n'kunditumizira pa WhatsApp. Anandijambula ndili ndi chikwama chachikulu kuposa ineyo. Khadi yeniyeniyo inabwera ndi munthu wa basi mu Disembala. Kuno ku South Africa tsikuli amakumbukira Lamulungu lachiwiri la Meyi, koma ine langa ndi la Okutobala lomwelo. Mayi a Tadala, m'kalasi mwanu simungalephere kukhala ana oti mayi awo ali kunja ngati ine. Muwajambulire makhadiwo pafoni atumize.

Anti a Chiko ku Leeds: Kuno ku UK nakonso ndi tsiku lina, limagwa mu Malichi nthawi zambiri chifukwa limatsata nyengo ya Lenti. Ana anga amapanga khadi kusukulu mu Malichi, ndiye mu Okutobala timapanga ina ya agogo awo ku Kasungu. Kuno zipangizo ndi mbwee, zonyezimira, timaso tapulasitiki, zomata zogula kale, koma makhadi onse m'kalasi amatuluka ofanana. Ndikanakonda tizidutswa ta atelalato.

Alezi a ku Mulanje: Anaphiri akhudza nkhani imene imandivuta chaka chilichonse. Ndili ndi ana angapo amasiye. Ukangonena kuti lero tipangira amayi athu, wina amangozyolika. Ena amati tingosiya osapanga. Inu mumatani?

Gogo Nangozo: Musasiye. Koma musanene kuti "pangirani amayi anu" n'kuthera pomwepo. Ine ndinkayamba ndi kucheza nawo: ndani amakuphikira nsima kwanu? Ndani amakusambitsa? Ukadwala amakubereka kupita kuchipatala ndani? Wina ati amayi, wina agogo, wina azakhali, wina achemwali, wina ati ababa. Ndiye ndimati khadi yako ndi ya ameneyo. Funsolo ndimafunsa ana onse, osati amasiye okha, kuti pasakhale wolozedwa chala. Ndipo mwana akanena kuti akufuna kupangira mayi ake amene anamwalira, musamuletse. Apange, atenge, akasunge. Mukamuletsa mwamuuza kuti mayi akewo satchulidwa.

Alezi a ku Mulanje: Zikomo agogo. Ndiyesa choncho.

Mayi a Tadala: Ndamva. Ndiye ndili ndi maganizo awa, mundiuze. Poti makhadiwa adzaperekedwa kutsogolo mu tchalitchi anthu onse akuona, ndimati ndijambuliretu duwa pa khadi iliyonse ndi kulemba mawu ndi dzanja langa, anawo angopaka chekeni. Zioneke zaudongo.

Gogo Nangozo: Ayi mwana wanga. Imeneyo ikhala khadi yanu, yopita kwa amayi 30 amene si mayi anu.

Mayi a Tadala: Kkkk agogo simunyengerera. Koma mukudziwa amayi a mvano mmene amaonera zinthu. Adzati aphunzitsi a Sande Sukulu angowasiya ana azikhwatchakhwatcha.

Anabanda aphunzitsi: Ine ndikumvetsa mayi a Tadala. Nafenso kusukulu akabwera alendo timafuna pakhoma pakhale zooneka bwino. Pali njira yapakati. Inu konzani zimene mwana sangathe: kudula, kupinda, kuphika guluu. Muthanso kujambula mzere wozungulira m'mphepete mwa khadi, chifukwa ngakhale zokhwatcha zikakhala m'kati mwa mpanda zimaoneka zolongosoka. Koma zapakatipo zikhale za mwana.

Gogo Nangozo: Pamenepo tagwirizana. Chinanso, musapange chitsanzo chanu chokongola n'kuchikweza m'mwamba kuti onse aone. Mukatero theka la ana likopera, theka linalo liti "ine sinditha" n'kuika pensulo pansi. Aonetseni mapakidwe a guluu pa kapepala kapadera, basi. Mwana akabwera ndi chojambula chake musafunse kuti "ichi n'chiyani?", amachita manyazi. Nenani kuti "tandiuza za chithunzi chako". Mudzamva kuti chimene mumayesa mbuzi ndi amayi ake akusinja.

Bambo a Yankho: Wanga anandijambula ine ndi mimba yokhayokha, miyendo ngati timachesi. Mayi ake anamata pa khoma la pabalaza, alendo onse amaseka. Ndipo mukuti tisamawakonze?

Anaphiri ku Joni: Anajambula zimene amaona a Bambo a Yankho kkkk

Anabanda aphunzitsi: Pa zolemba pokha ine ndi agogo mwina tisiyana. Mwana wa Sitandade 3 akalemba "ndimakukodani" m'malo mwa "ndimakukondani", ine sindingalole ipite choncho. Mayi ake adzati kusukulu akuphunzira chiyani.

Gogo Nangozo: Imeneyo yokha ndingamunong'oneze kuti aikepo n, chifukwa yasintha nkhani yonse. Koma cholembera chofiira pa khadi ayi. Lembani pa bolodi mawu amene ambiri awafune: amayi, agogo, azakhali, zikomo, ndimakukondani, Mulungu akudalitseni. Wofuna aonere. Akuluakuluwo ayambe alemba pa kapepala kena, muone, kenako akopere. Ndipo asalembe mawu a pa bolodi okha. Aliyense anene chinthu chimodzi chimene amathokoza. Wina analembapo kuti "zikomo pondisiyira mkute", ndipo mayi ake anaseka mpaka kulira. Amene sadziwa kulemba anene, inu mulembe ndendende mmene wanenera, iye adinde chala chake pansi.

Anti a Chiko ku Leeds: Ndipo alembe Chichewa chonde, kapena Chiyao, Chitumbuka, chilichonse cha kunyumba. Amayi anga amawerenga okha Baibulo la Chichewa, koma khadi yachingerezi amadikira mdzukulu abwere kusukulu adzawawerengere.

Mayi a Tadala: Chabwino, ndagonja. Ndijambula mpanda wokha. Tsono chekeni ndili nacho chochepa, chidzathera ana asanu oyamba. Utoto ndiupeza kuti?

Alezi a ku Mulanje: Apa ndiye panga. Utoto timapanga tokha. Chidede mukachiwiritsa m'madzi ochepa chimatulutsa wofiirira. Gawani pawiri, kwina finyiranimo ndimu ukhala wofiira kwambiri, kwina thirani kasoda pang'ono usintha kupita kobiriwira. Ana amayesa matsenga. Manjano a ufa ogula kumsika amapereka wachikasu, koma amathimbiriritsa zovala, avale zakale. Masamba a tiyi owiritsa kwambiri amapereka wakhaki. Makala osinja bwino ndi wakuda, dothi la katondo losefa ndi lofiira. Makala ndi dothi muzisakaniza ndi guluu wa kondoole pang'ono, apo ayi zikauma zimayoyoka. Wa chidede umazilala pakapita miyezi, makamaka khadi ikakhala padzuwa, koma wa katondo sutha.

Ndiye chodindira. Tengani therere lobala, lidulani chopingasa. Taonani podulapo, pali kanyenyezi ka timabowo. Lisiyeni kanthawi liume pang'ono kuti kuterera kuchepe, kapena lipukuteni ndi kansalu. Ikani utoto pa kasiponji kapena kansalu kopindapinda m'mbale, mwana agunditse thererelo pamenepo n'kudinda pa khadi. Limatuluka duwa lenileni. Akadinda katatu kanayi n'kujambula timitengo ndi masamba, khadi yatha. Wa zaka 4 amachita yekha. Chitsononkho cha chimanga mukachigubuduza m'mphepete chimasiya madontho okongola, ndipo mbatata mukhoza kuisema mtima inuyo akuluakulu.

Bambo a Yankho: Ndiwo zikudula chonchi inu mukudindira mapepala?

Alezi a ku Mulanje: Lokhwima lija loti silingadyedwe ndi limene limadinda bwino. Awiri atatu akwanira kalasi yonse.

Anabanda aphunzitsi: Maluwa ouma nawonso. Nyengo ino bougainvillea ali ponseponse m'mipanda. Ana atole, muike pakati pa nyuzipepala, tsenderezani ndi buku lolemera sabata imodzi kapena ziwiri. Amasunga mtundu wake bwino chifukwa ndi opyapyala ngati pepala kale. Jakaranda amene akuyoyoka m'misewu panopa amakopa, koma ali ndi madzi ambiri, akauma amangoda.

Mayi a Tadala: Nanga kumata nyemba, mpunga, mapira? Ndinaona zithunzi zokongola.

Nachisale nesi: Kwa a zaka 7 kupita m'tsogolo zili bwino. Aang'ono ayi. Nyemba m'mphuno ndi m'khutu timazichotsa kawirikawiri, ndipo nyemba ikakhalitsa m'mphuno imafufuma. Musagwiritse mbewu yogula yobzala ija yopakidwa utoto, ngakhale ikongole bwanji, utotowo ndi chizindikiro choti ili ndi mankhwala. Chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe chimodzimodzi. Nsatsi ayi, ndi poizoni. Timbewu tofiira ta kadontho kakuda timene ana amatola kutchire tija ndi toopsa kwambiri mwana akatafuna.

Gogo Nangozo: Komanso khadi ya mbewu ndi guluu wa ufa ndi chakudya cha mphemvu ndi mbewa. Mvula ikayamba mu Novembala imachita nkhungu. Ngati mukufuna mayi asunge zaka, chitenje ndi utoto ndiye zokhalitsa.

Achimwene a ku Zomba: Ndakhala ndikungowerenga. Anyamata a zaka 10 ndi 11 maluwa a therere sawasangalatsa, ndikudziwa chifukwa ndili nawo awiri. Apatseni khadi yotumphuka. Mapangidwe ake: pindani pepala pakati. Kumbali yopindayo dulani mizere iwiri yoyandikana, kutalika masentimita 3, pakati pake masentimita 2. Kachidutswa kapakatiko kapindeni kutsogolo ndi kumbuyo kuti kafewe, kenako tsegulani pepala pang'ono n'kukakankhira m'kati ndi chala. Mukatsegula khadi kamaima ngati kasitepe. Pa kasitepepo mwana amata chimene wajambula n'kudula payekha, kaya nyumba, nkhuku, mayi atasenza ndowa. Aonetsetse kuti chojambulacho sichikutulukira kunja khadi ikatsekedwa. Pomaliza amata pepala lina kunja kuti bowo lisaoneke, osapaka guluu pa kasitepe paja. Akangoidziwa, mawa lake amapanga ya masitepe atatu osawauza.

Mayi a Tadala: Ndayesa pompano ndi pepala la m'kope. Yatheka! Koma kasitepe kanga kapendekeka.

Achimwene a ku Zomba: Mizere iwiriyo sinafanane kutalika. Yezani ndi rula musanadule.

Anabanda aphunzitsi: Akuluakuluwo athanso kupanga maenvulopu a onse. Matulani envulopu yakale mosamala, iyaleni pa tsamba la kalendala kapena la magazini, zungulizani ndi pensulo, dulani, pindani. Chithunzi chikhale kunja. Ndipo muwagawe, wamkulu mmodzi akhale ndi aang'ono atatu. Koma muwachenjeze zomwe agogo anena zija, chifukwa wamkulu amalanda n'kumupangira mng'ono wake.

Bambo a Yankho: Funso lenileni tsopano. Zinthuzi zingagulitsidwe? Ndimaona makhadi kwa ogulitsa ziboliboli, azungu amagula.

Achimwene a ku Zomba: Amagulitsidwa, makamaka aja a makoko ouma a nthochi, amene amadula timaanthu, mabwato ndi mitengo ya malambe n'kumata. Ku Blantyre bungwe la PAMET linatchuka ndi kupanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otha ntchito ndi ulusi wa zomera, ngakhale ndowe za njovu. Njovu siigaya bwino udzu, ndiye ulusi umatuluka wambiri. Koma imeneyo ndi ntchito ya akuluakulu odziwa. Kunyumba mukhoza kuyesa ndi ana kuti aone mmene pepala limapangidwira. Ng'ambani mapepala akale ting'onoting'ono, viikani usiku wonse, sinjani mpaka akhale phala, thirani m'beseni la madzi ambiri. Vuulani ndi sefa wafulati kuti phalalo liyale mopyapyala, madzi akhe, gubuduzirani pa nsalu, psinyani ndi siponji, siyani liume. Manyuzipepala amatulutsa pepala lotuwa chifukwa cha inki, a m'makope limayera. Mukawazamo timaluwa touma lisanaume limakongola zedi.

Nachisale nesi: Kusinjako kusakhale mumtondo wa ufa kapena wa nsinjiro. Ndipo wina asadule neti ya udzudzu kuti apange sefa, ili ndi mankhwala komanso ili ndi ntchito yake.

Gogo Nangozo: A Bambo a Yankho, poyamba mumati pepala sadya, pano mukufuna kuligulitsa. Asiyeni ana asewere kaye. Mukangoti ndi zogulitsa muyamba kuwakalipira akapotoza mzere.

Bambo a Yankho: Ndimangofunsa agogo. Wamalonda ndi wamalonda.

Anaphiri ku Joni: Khirisimasi ikubwera, mudzatiphunzitsenso unyolo wa mapepala uja tinkakongoletsera m'tchalitchi.

Alezi a ku Mulanje: Umenewo ndi wosavuta, timizere ta magazini kumata mphete kulowetsa mu inzake. Tidzayambitse nkhani yake payokha mu Novembala, pamodzi ndi mikanda ya mapepala ndi kuluka timphasa.

Mayi a Tadala: Zikomo nonse. Funso lomaliza, nthawi ya Sande Sukulu ndi ola limodzi lokha. Zonsezi zikwana?

Anabanda aphunzitsi: Tsiku limodzi sizikwana, mugawe Masande awiri. Loyamba adinde, amate, alembe mayina awo kumbuyo ndi pensulo asanayambe china chilichonse, apo ayi mudzakhala ndi milandu ya "iyi ndi yanga". Makhadi musawapatse kupita nawo, akafika kunyumba ali chiphwirikiti komanso chinsinsi chaululika. Tengani mukaumitse ndi kutsendereza kwanu. Lamulungu lachiwiri alembe mawu m'kati n'kuika mu envulopu. Konzani makhadi ena apadera, chifukwa tsiku lachiwirilo kudzabwera ana amene sanabwere loyamba, ndipo pali amene adzafune awiri, ya amayi ndi ya agogo. Ndowa ya madzi ndi kansalu zikhale pakhomo, ndipo pemphani achinyamata awiri akuthandizeni.

Mayi a Tadala: Chidede chouma chogula kumsika chingagwire, kapena mpaka chachiwisi?

Alezi a ku Mulanje: Choumacho ndiye chabwino, nyengo ino chachiwisi simungachipeze. Dzanja limodzi pa kapu imodzi ya madzi, wiritsani mpaka madzi atsale theka, sefani, chizizire musanawapatse ana.